Geralt wa m'mabuku mu The Witcher 3: pomwe tafika titamaliza Velen

Cholinga sichinasinthe. Tikusewera gemu ya The Witcher 3, ya mlenje wa zilombo Geralt, pomvera malamulo a m'mabuku a Andrzej Sapkowski, kuti tione ngati zomwe owerenga mabukuwa amapempha kwa opanga magemu zingasewereke. Funsoli lakula kuyambira mu Disembala 2024, pamene CD Projekt Red inaonetsa kanema woyamba wa The Witcher IV, Ciri, mtsikana yemwe Geralt anamulera, ali patsogolo, maso ake ngati a mphaka, akumwa mankhwala a alenje a zilombo. Ambiri akuti akufuna gemu "yokhulupirika ku mabuku", koma ndi ochepa amene amanena kuti kukhulupirikako kuoneke bwanji munthu akagwira kiyibodi. Ndiye tikuyesa lamulo lililonse palokha. Pano Geralt ali pa levulo 17, chigawo cha Velen chatha, mzinda wa Novigrad watsala pang'ono, ndipo chombo cha ku Skellige sitinakwere. Gemu ndi ya pa kompyuta, mtundu wa 4.04, pa Death March, mulingo wovuta kuposa yonse.

Tiyambe ndi za mafayilo, chifukwa ndi zomwe zimaimitsa anthu asanayambe n'komwe. Taikamo ma mod (zosinthira gemu zopangidwa ndi osewera) awiri okha: ina yochotsa zolembalemba pa sikirini, ina yolola Geralt kusinkhasinkha pamoto osatsegula menyu. Foda ya mod iliyonse iyenera kukhala mkati mwa foda ya mods, ndipo dzina lake liyambe ndi zilembo zitatu zija, mod. Ikapanda kutero gemu imangoidumpha osadandaula. Ma mod awiri akasintha fayilo imodzimodzi, makamaka r4Player.ws, gemu imakana kutseguka n'kuonetsa mndandanda wa zolakwika. Mankhwala ake ndi Script Merger, yomwe imasoka zosinthazo pamodzi n'kuziika mu mod0000_MergedFiles. Mukachotsa mod imodzi, sokaninso kuyambira pachiyambi, popeza zotsalira za yochotsedwayo zimakhalabe m'fayilo yosokedwa ija. Msampha wina ndi wa menyu: kuyambira pa 4.0, yomwe inatuluka mu Disembala 2022, kuika fayilo ya xml mu user_config_matrix\pc sikokwanira, dzina lake mulilembenso mu dx11filelist.txt ndi dx12filelist.txt. Ndipo mod yolembedwera mtundu wakale wa 1.32 musaikhulupirire pa 4.04 ngakhale itatseguka. Pomaliza, koperani foda ya gamesaves, yomwe ili mu Documents\The Witcher 3, musanakhudze chilichonse. Kuno magetsi akathima gemu ili mkati mosunga, fayiloyo ikhoza kuonongeka, choncho sungani m'malo atatu osiyana n'kumasinthasintha.

Za maonekedwe n'zachidule. Ndevu timameta, poti Geralt wa m'mabuku sazikonda. Ku Vizima amammeta asanakaonekere kwa Emhyr, mfumu yaikulu ya Nilfgaard, koma zimameranso, ndiye pafunika kumapita kwa ometa. Zovala ndi zachikopa zopepuka. Mapu aang'ono a pakona tazimitsa, pamodzi ndi zizindikiro za mafunso za pa mapu aakulu. Zimenezi sizinavute, komanso sizinasinthe zambiri, ngakhale kuti ndi zomwe anthu amakanganapo kwambiri.

Lamulo la malupanga ndilo linagwa msanga. M'nkhani zoyambirira Geralt amayenda ndi lupanga limodzi kumsana, lasiliva, lophera zilombo, limakhala pa chishalo cha hatchi yake Roach mpaka litafunika. Tinayesa kutero: kuvula lasiliva, kulisiya m'thumba, kulivala pokhapokha hatchi ili pafupi. Ku White Orchard zinatheka. Ku Velen ayi. M'madambo onse ndi m'mbali mwa mitsinje muli ma drowner, zilombo za m'madzi, ndipo lupanga lachitsulo limangowakanda. Vuto lake si la lupanga, ndi la dziko. M'mabuku zilombo zikutha, ntchito ya ulenjewu ikufa, Geralt amayenda mtunda wautali osapeza womulemba ntchito. Gemu ya dziko lotseguka singapirire zimenezo, imafuna ndewu pa mphindi zingapo zilizonse. Wofuna lupanga limodzi kumsana akupempha, mwina osadziwa, kuti zilombo zichepe kwambiri, ndipo sindikhulupirira kuti osewera ambiri angavomere kukwera hatchi kwa theka la ola popanda chochitika. Lamuloli talisiya.

Pa mankhwala m'pomwe taphunzira zambiri. Lamulo linali lakuti mankhwala amwedwe ndewu isanayambe, monga Geralt anachitira podikira striga, mwana wamkazi wa mfumu wotembereredwa kukhala chilombo, m'nyumba yachifumu yakale ya ku Vizima. Ndi mankhwala wamba sizigwira. Swallow (yobwezeretsa moyo) ndi Thunderbolt (yoonjezera mphamvu ya kumenya) zoyambirira zimatha mphamvu pasanathe mphindi imodzi, ndiye ukamwa uli kunja kwa phanga, pofika pa chilombo zasuluka kale. Anazipanga kuti zizimwedwa ndewu ili mkati. Zomwe zimafanana ndi za m'mabuku ndi ma decoction, mankhwala okhalitsa: amakhala mphindi 30, amafuna mutagen, chinthu chotengedwa m'thupi la chilombo chomwe unapha, ndipo amatsekera gawo lalikulu la poizoni yemwe thupi lingapirire. Muyezo woyambira ndi 100, ndipo pa 4.04 decoction imodzi imadya 50 nthawi yonse yomwe ikugwira ntchito. Ndiye kusankha kumakhala ndi mtengo. Ife tikugwiritsa ntchito ya Water Hag, yomwe imaonjezera mphamvu ya lupanga pokhapokha moyo uli wodzaza. Ukangomenyedwa kamodzi phindu lapita. Imakukakamiza kumenya mozungulira, kulewa, kudikira, momwe Sapkowski amafotokozera ndewu zake. Chenjerani ndi White Honey: imatsuka poizoni, inde, koma imachotsanso decoction yomwe, ndiye mukaimwa pofuna kupeza malo a Swallow mwataya zonse. Luso la Acquired Tolerance limakweza muyezo molingana ndi kuchuluka kwa maphikidwe omwe mukudziwa, choncho kugula maphikidwe kwa azitsamba, ngakhale a mankhwala omwe simudzamwa, si kutaya ndalama.

Tasintha lamulolo motere: decoction ndi mafuta a lupanga zisanayambe ndewu, Swallow imodzi yokha ndewu ili mkati. Swallow yoyamba imafuna Dwarven Spirit imodzi, celandine zisanu ndi ubongo umodzi wa drowner, ndipo imapereka kumwa katatu. Mukaipanga kamodzi basi, imadzaza yokha posinkhasinkha bola m'thumba muli mowa waukali monga Alcohest. Pa Death March kusinkhasinkha sikubwezeretsa moyo, musadalire zimenezo. Mafuta oyambirira amaonjezera 10 peresenti ndipo amatha mukatema ka 20. Apamwamba kwambiri amafika 50 peresenti. Specter Oil ndi mafuta a chimbalangondo amodzi ndi arenaria zinayi, Cursed Oil ndi mafuta omwewo ndi wolfsbane zinayi. Mwayi wopaka mafuta wokhawokha, womwe unabwera m'zosintha za pambuyo pa 4.0, tauzimitsa, chifukwa umachotsa chinthu chokhacho chokukakamiza kuwerenga za chilombo usanakumane nacho. Mzukwa wa pachitsime cha ku White Orchard sugwirika bwino kunja kwa bwalo la Yrden, katsenga kotchera msampha pansi. Mmbulu waumunthu wa mu ntchito ya Wild at Heart umadzichiritsa ndewu ili mkati, ndiye ukazengereza moyo wake umabwerera. Pamafunika Cursed Oil, Igni ndi kuutsata osaupatsa mpata.

Tisaiwale kuti CD Projekt Red inayesapo njira ya m'mabuku. Mu The Witcher 2 ya 2011 mankhwala ankamwedwa posinkhasinkha pokha, ndipo vuto linali lakuti sudziwa ndewu yayikulu ibwera liti, nthawi ya mankhwala n'kumatha uli m'kati mwa zokambirana. Amene akupempha kuti zimenezi zibwerere mu gemu yachinayi apemphenso kuti gemu izichenjeza kudzera m'mapazi, m'fungo ndi m'mawu a anthu a m'mudzi, apo ayi dandaulo lakale lidzabwereranso.

Timatsenga ta m'manja sitinaikemo mfundo ngakhale imodzi, chifukwa m'mabuku ndi tofooka: Aard yokankha, Igni ya kamoto, Axii yokhazika hatchi mtima pansi. Ndewu zatheka ndithu. Chomwe chatipweteka ndi zokambirana, popeza mayankho ena a Axii amafuna luso la Delusion, ndipo popanda ilo umalipira kapena kumenyana. Koma apa gemu yayandikira mabuku mwangozi, chifukwa Geralt wa Sapkowski amagwa m'mavuto kawirikawiri chifukwa cha pakamwa pake.

Lamulo lomwe lapindula kuposa onse ndi la umphawi. Sititola katundu m'nyumba za anthu wamba. Ndalama zimachokera pa ntchito za pa bolodi ndi pa ziwalo za zilombo. Zotsatira zake, kukonzetsa malupanga kumadya pafupifupi zonse, ndipo kunenerera mtengo kumasiya kukhala kasewero. Ukakweza kwambiri wokulembayo amakwiya n'kuima pa mtengo wake. Ma oren ndi ma floren (ndalama za mitundu ina) omwe mumapeza sagula kanthu mpaka mutakasintha ku banki ya Vivaldi pa Hierarch Square ku Novigrad, choncho musawataye. Ukamauza mlimi wa ku Velen, yemwe nkhondo yamulanda zonse, kuti aonjezere makorona khumi chifukwa nawenso ulibe ya wosula zitsulo, pamenepo m'pomwe gemu imamveka ngati bukulo. Palibe mod ya tsitsi la Triss, mkazi wamatsenga, yomwe ingapereke zimenezo.

Poti tatchula Triss: m'mabuku tsitsi lake ndi lofiirira moderako, osati lofiira ngati moto, ndipo anapsa koopsa pa nkhondo ya pa phiri la Sodden mpaka anawerengedwa pakati pa akufa. Mu ntchito ya Now or Never tamuthandiza kutulutsa amatsenga mu Novigrad koma tamulola kupita ku Kovir, chifukwa Geralt wa m'mabuku ndi wa Yennefer, mkazi wina wamatsenga. Amene angauze onse awiri kuti amawakonda amataya onse awiri.

Pali zosiyana zomwe lamulo lililonse silingakonze. Magemu amayamba pomwe mabuku anathera, Geralt atabayidwa ndi foloko ya kumunda pa chipolowe cha ku Rivia, ndipo Sapkowski wanena poyera kangapo kuti magemuwa si kupitiriza kwa nkhani yake. Chinsinsi chakuti Emhyr ndi bambo wake wa Ciri, chomwe mabuku amasunga mpaka buku la 1999, gemu imachiulula m'maola oyambirira, choncho wofuna kuwerenga ayambe wawerenga. Mtsikana wonamizira kukhala Ciri, yemwe Emhyr anamukwatira, gemu siimusamala. Chachikulu ndi White Frost. M'mabuku ndi kuzizira kwa dziko komwe kudzabwera pang'onopang'ono m'zaka zambirimbiri, kopanda woletsa. Mu gemu ndi mphamvu yomwe Ciri akhoza kukakumana nayo n'kuiimitsa. Apa opanga anasankha mathero osewereka m'malo mwa tanthauzo la bukulo, ndipo ndikuona kuti anataya chinthu chamtengo.

Ndiye za The Witcher IV tiyembekezere chiyani? Kuchokera pa zomwe tayesazi, mafunso enieni ndi atatu ndipo onse ndi a Ciri. M'mabuku anaphunzira lupanga ku Kaer Morhen, linga la alenje a zilombo, koma sanadutse m'mayeso a zitsamba omwe amasintha thupi; Triss ndiye anadzudzula alenjewo chifukwa cha bowa ndi zitsamba zomwe ankamupatsa. Opanga atsimikiza kuti mu gemu yatsopano wadutsamo. Afotokoze anachita bwanji ali wamkulu kale, ndani anadziwa kapangidwe kake, ndipo analipira chiyani, pakuti m'mabuku mwa anyamata khumi ankapulumuka atatu kapena anayi okha. Funso lachiwiri ndi la mphamvu za magazi ake. Kumapeto kwa gemu yachitatu Ciri amadumpha malo ngati mphezi. Munthu wotero safuna mafuta a lupanga, ndiye mphamvuzo ziyenera kuchepa mwanjira yomveka. Lachitatu ndi lakuti mwa mathero atatu aja, mlenje, mfumukazi ya Nilfgaard kapena wosabwerera, gemu idzalemekeza ati. Chondipatsa chiyembekezo ndi unyolo womwe anagwiritsa ntchito polimbana ndi chilombo chotchedwa Bauk m'kanema uja, wokumbutsa unyolo wasiliva wa pa striga, komanso kuti anthu a m'mudzi wa Stromford sanamuthokoze. Ndiwo mtima wa nkhani za Sapkowski. Kovir, yomwe anaonetsa mu Juni 2025 pa Unreal Engine 5, ndi dziko lomwe mabuku amalifotokoza ngati lolemera ndi migodi ndi malonda koma magemu sanafikeko, choncho ali ndi malo opumira.

Kuti tidzakhale ndi sevu yogwirizana ndi Ciri mlenje, dongosolo la kutsogolo ndi ili: ku Kaer Morhen tidzasankha kuponyerana chipale m'malo mwa kumwa mowa, sitidzamutengera kwa Emhyr ku Vizima, tidzamusiya alowe yekha kukakumana ndi amatsenga a Lodge, tidzamulola aphwanye za m'chipinda cha Avallac'h, mphunzitsi wake, ndipo tidzamuperekeza ku manda a Skjall, mnyamata wa ku Skellige yemwe anamuthandiza. Ulendo wa ku Vizima ndiwo umatsegula njira ya ufumu ngati Nilfgaard yapambana nkhondo, choncho kuudumpha kumachotsa chikayiko. Koma zimenezo zili patali. Chotsatira ndi kusonkhanitsa makorona 1,000 a chombo cha ku Skellige popanda kuphwanya lamulo la umphawi, ndipo pano tili ndi 640. Ntchito ziwiri za pa bolodi la ku Oxenfurt zikhoza kukwaniritsa, bola lupanga lasiliva lisafune wosula pakati pa ziwirizo.