Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Thukuta la tsaya limodzi

M'gawo lapitalo ndinafotokoza za opaleshoni yondichotsa chotupa kutsogolo kwa khutu lakumanzere, m'chiwalo chachikulu chopanga malovu chimene madokotala amachitcha parotid. Bala linapola bwino, kamwa silinapotoke monga ndinkaopera, ndipo ndinabwerera ku Mangochi mtima uli m'malo.

Patapita miyezi, tsaya lomwelo linayamba kuchita thukuta ndikamadya. Poyamba sindinalabadire, pakuti kuno mu Okutobala aliyense amadya nsima akupukuta kumaso. Koma mu Juni, mwera ukuwomba, ana atavala majuzi, mayi a kunyumba anaima ndi mbale m'manja nandifunsa kuti, “Bambo, nanga bwanji mukunyowa mbali imodzi yokha?” Khungu linkayamba ndi kutentha, kenaka madontho ankatsika mpaka kunyowetsa kolala, makamaka ndikadya bwemba, mango osapsa kapena chambo chofinyira mandimu. Ndinayamba kukana chakudya paukwati ndi pamaliro, zimene zinapweteka mitima ya abale, ndipo ena ankanong'onezana kuti pali dzanja la munthu.

Dokotala amene ndinakamuona anandipaka ayodini patsaya, atauma anawazapo ufa wa sitachi, nandipatsa ndimu kuti ndiyamwe. Posakhalitsa ufawo unada bii pamalo onse a thukuta. Anandifotokozera kuti timitsempha tolamula malovu tinadulidwa pa opaleshoni, ndipo pomeranso tinasokera n'kukalumikizana ndi tiziwalo ta thukuta pakhungu, kotero kuti ubongo ukalamula malovu, tsaya limayankha ndi thukuta. Dzina lake ndi matenda a Frey.

Ndinafuna kudziwa mwini dzinalo, ndipo mbiri yake inandikhudza kwambiri. Łucja Frey anabadwira ku Lwów, mzinda umene lero uli m'dziko la Ukraine, mu 1889, ndipo anali mmodzi mwa akazi oyambirira ku Ulaya kukhala madokotala a mitsempha. Madokotala a ku France, Duphenix mu 1757 ndi Baillarger mu 1853, anali atalembapo kale za odwala oterewa, koma ndi mayiyu amene mu 1923, atapima msilikali wazaka 25 wovulala ndi chipolopolo chakumunsi kwa khutu, analoza mtsempha weniweni wokhudzidwa. Popeza anali Myuda, anatsekeredwa pamodzi ndi anzake mumzinda wakwawo m'nthawi ya chipani cha Nazi cha ku Germany, chimene chinkazunza Ayuda, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe anali atamwalira. Kupima kwa ayodini kuja anakuyambitsa ndi dokotala wa ku Russia, Victor Minor, mu 1928.

Dokotala anatchulanso jakisoni wa botulinum, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa vutoli mu 1995 ndipo amaumitsa thukuta kwa miyezi ingapo, koma thumba langa silikanakwanitsa kumabayitsa mobwerezabwereza. Ndinasankha mankhwala opaka okhala ndi aluminium chloride, ndipo anandichenjeza kuti asamafike m'maso. Amachepetsa thukuta koma salithetsa. Ntchito yotsala inali kukhazika pansi amalume ndi kuwafotokozera zonsezi, ndipo za msonkhano umenewo ndilemba m'gawo lotsatira.