Sea Harrier yanga ya 1:72 yaima ndi matayala ake onse, tsopano nkhani ndi utoto

Kandege kanga ka Sea Harrier FRS.1 kayamba kuoneka ngati ndege. Thupi ndalumikiza, mapiko akhala, mipata ya m'mbali ndatseka n'kupalapo ndi sandipepa, ndipo utoto woyamba wauma bwinobwino. Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira ntchitoyi, sikelo yake ndi 1:72. Ndege yeniyeni ndi yaitali mamita 14.5, choncho kangaka ndi kotalika pafupifupi masentimita 20.

Chimene chimavuta aliyense womanga Harrier ndi matayala. Ndege zambiri zimaima pa miyendo itatu, koma iyi ili ndi mwendo umodzi kutsogolo, wina pakati pa mimba, kenako timatayala tiwiri tating'ono kunsonga za mapiko. Ukamata yonse nthawi imodzi, kamodzi kamatsala kali m'malere ndipo kandege kamapendekeka. Ine ndinayamba ndi mwendo wakutsogolo ndi timatayala takumapikoto, guluu n'kuuma. Wapakati ndinaulowetsa pomalizira ndi guluu wochedwa kugwira, n'kukhazika kandege pagalasi kuti mwendowo utsike wokha mpaka ugunde pansi. Yesani njira imeneyi, anzanga, mudzandithokoza.

Timazitseko tozungulira mabowo olowera mpweya tinandidyeranso nthawi. Injini ikazima, tam'mwamba timagwera m'kati chifukwa cha kulemera kwake, tam'munsi timakhala totseka. Ndinatiboola kamodzikamodzi ndi kampeni. Mapaipi anayi otulutsa mpweya wa injini ya Rolls-Royce Pegasus, amene amatembenuka kuloza pansi kuti ndege inyamuke kapena kutera choimirira, sindinawamate. Awiri akumbuyo amatulutsa mpweya wotentha kwambiri, ndiye akufunika mtundu wa chitsulo chopsa, osati wofanana ndi akutsogolo.

Utoto ndiwo wandibweretsa pankhani ya lero. Ndikumanga ndege ya gulu la 800 Naval Air Squadron, imene inali pa sitima yonyamula ndege ya HMS Hermes pankhondo ya Britain ndi Argentina yolimbirana zilumba za Falklands mu 1982. Ndegezi zinachoka ku Britain zili zotuwa pamwamba, zoyera kumimba, ndi zizindikiro zowala kumchira. Ali panyanja kulowera kummwera, amakaniko anazipaka utoto wotuwa modera wa Extra Dark Sea Grey thupi lonse, ndipo mzere woyera wa m'chizindikiro chozungulira cha ndege zankhondo za Britain anauphimba ndi buluu. A pa Hermes anapaka ndi mabulashi. Nkhani imeneyi imandikomera chifukwa nanenso ndilibe makina opopera utoto, ndiye mizere ya bulashi ikaoneka pang'ono kumimba, ndinena kuti ndatsata mbiri.

Ndikaonetsa zithunzi za ntchitoyi, anzanga okonda ndege amathamangira kunena kuti Sea Harrier ndi ndege imene inapambana nkhondo ija yokha. Manambala ake ndi osiririka ndithu. Zinapita 28, zinagwetsa ndege za Argentina pafupifupi 20, ndipo palibe imene inagwetsedwa ndi ndege inzake. Zisanu ndi chimodzi zinatayika: ziwiri zinaomberedwa kuchokera pansi, zinayi zinachita ngozi. Koma tisaiwale kuti zinanyamula mizinga ya AIM-9L Sidewinder yochokera ku America, imene inali yatsopano nthawi imeneyo. Komanso ndege za Argentina za Mirage ndi Dagger zinkauluka makilomita oposa 600 kuchokera kumtunda, zopanda njira yothirira mafuta zili m'mlengalenga. Zikafika pazilumbazo zinalibe nthawi yolimbana ndi aliyense.

Ine ndikayang'ana kandege kali patebuloka ndimaganiza za ndege imene kunalibe. Mu 1966 boma la Britain, Denis Healey ali nduna ya zachitetezo, linathetsa ntchito yomanga sitima yaikulu yonyamula ndege ya CVA-01 pofuna kupulumutsa ndalama. Sitima yomaliza yokhala ndi makina oponya ndege ndi zingwe zozigwira potera, HMS Ark Royal, inasiya ntchito kumapeto kwa 1978. Ndege zake za Phantom ndi Buccaneer zinaperekedwa ku RAF, gulu lankhondo la m'mlengalenga la Britain, ndipo anthu amadandaula za zimenezo mpaka lero. Ochepa ndi amene amatchula Fairey Gannet AEW.3, ndege yonyansa maonekedwe, ya chimimba chonyamula radar, imene ntchito yake inali kuzungulira m'mwamba n'kumaona adani akali kutali. Inapuma limodzi ndi Ark Royal popanda choilowa m'malo.

Radar ya pasitima siona ndege youluka chapansi pafupi ndi madzi mpaka itayandikira, chifukwa dziko n'lozungulira. Popanda diso m'mwamba, asilikali apamadzi anayamba kuika masitima ena patsogolo kuti akhale alonda. HMS Sheffield inali pantchito imeneyo pa 4 May 1982 pamene mzinga wa Exocet, woponyedwa ndi ndege ya Super Étendard, unaigunda, ndipo anthu 20 anafa. Pa 25 May inagundidwa sitima yonyamula katundu ya Atlantic Conveyor, anthu 12 anafa, ndipo mahelikopita atatu mwa anayi a Chinook amene inanyamula anapsera momwemo. Asilikali oyenda pansi amene akananyamulidwa ndi mahelikopitawo anadutsa chilumba cha East Falkland wapansi, katundu ali kumsana. Argentina inali ndi mizinga ya Exocet yoponyera m'ndege isanu yokha. Zitavuta chonchi, akatswiri anamangirira radar ya Searchwater pa helikopita ya Sea King m'masabata owerengeka, ndipo mu August chaka chomwecho inali itakwera kale HMS Illustrious. Ndalama ndi nzeru zinalipo nthawi yonseyi, chimene chinkasowa ndi munthu woika chinthucho mu bajeti.

Ndipo pang'onong'ono sitima zonyamula Sea Harrier zikanasowanso. Ndondomeko ya 1981 ya nduna ya zachitetezo John Nott inafuna kuchepetsa masitima ankhondo, ndipo mu February 1982 anagwirizana zogulitsa HMS Invincible ku Australia pamtengo wa mapaundi 175 miliyoni. Argentina inalowa pazilumbazo pa 2 April, malondawo asanatheke.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale. Koma taonani zimene zinachitika pambuyo pake. Sea Harrier FA2 inapumitsidwa mu 2006. Mu 2010 boma linachotsa ma Harrier onse otsala pamodzi ndi Ark Royal yatsopano, ndipo chaka chotsatira ndege 72 zinagulitsidwa kwa asilikali a US Marine Corps pamtengo wa madola 180 miliyoni kuti azichotsako zipangizo. Britain inakhala zaka zambiri yopanda ndege yankhondo yonyamukira pasitima yakeyake. Chaka chomwecho cha 2010, akumanga masitima awiri atsopano onyamula ndege, HMS Queen Elizabeth ndi HMS Prince of Wales, anasintha maganizo kuti agula ndege ya F-35C, imene imafuna makina oponya ndege, m'malo mwa F-35B yotera choimirira. Atawerengera bwino anapeza kuti kukonza sitima imodzi yokha kuti ikhale ndi makinawo kudya pafupifupi mapaundi 2 biliyoni, ndipo mu May 2012 nduna ya zachitetezo Philip Hammond analengeza kuti abwerera ku F-35B. Ndalama zimene zinalowa m'mapulani osiyidwawo sizinabwerere. Ngakhale kuchedwetsa dala ntchito yomanga masitima mu 2008, pofuna kupeputsa bajeti ya zaka zoyambirira, kunakweza mtengo wonse. Masitima awiri amene ankati adya mapaundi 3.9 biliyoni anafika pa 6.2 biliyoni pofika 2013.

Musandimve molakwa, akuluakulu. Sindili m'gulu la amene amati HMS Queen Elizabeth ndi HMS Prince of Wales n'zachabechabe. Sitima ya matani 65,000, yaitali mamita 280, yopangidwa kuti igwire ntchito zaka 50, mtengo wake ukaugawa pa zaka zonsezo si woopsa monga umamvekera. F-35B nayonso siingafanizidwe n'komwe ndi kandege kanga, kamene kuuluka kwake kunali kochepera liwiro la phokoso ndipo radar yake ya Blue Fox inkavutika kuona chinthu chili m'munsi mwake. Chimene chimandiwawa n'chakuti khalidwe lija silinasinthe. Amagula chooneka bwino pa TV, n'kuumira pa zinthu zimene zimachititsa kuti chigwire ntchito, ngati munthu womanga nyumba yanjerwa n'kusowa ndalama ya malata.

Sitimazi zinakonzedwa kuti iliyonse izitha kunyamula F-35B mpaka 36. Paulendo woyamba waukulu wa Queen Elizabeth mu 2021 panali ndege za Britain 8, ndipo zina 10 zinali za US Marine Corps. Imodzi mwa zisanu ndi zitatuzo inagwera m'nyanja ya Mediterranean mu November chaka chomwecho chifukwa chotsekera cha pabowo la mpweya chinatsalira m'kati, mwayi woyendetsa anapulumuka. Diso la m'mwamba la masiku ano, radar ya Crowsnest pa helikopita ya Merlin, linabwera mochedwa, Sea King zija zitapuma kale mu 2018. Sitima yotha kupatsira zida, chakudya ndi zipangizo panyanja inatsala imodzi, RFA Fort Victoria, yomangidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mgwirizano womanga zatsopano zitatu unasainidwa mu 2023. Palibe mwana amene amapachika chithunzi cha Fort Victoria kuchipinda kwake, koma gulu lonse la masitima limadya ndi kumenya nkhondo ndi zimene sitima yotereyi yanyamula.

Tibwerere kutebulo. Chotsala ndi utoto wachiwiri, vanishi wonyezimira, kenako timapepala ta zizindikiro. Mizinga ndiika iwiri yokha, umodzi phiko lililonse, pamodzi ndi matanki amafuta ndi mfuti ziwiri za ADEN za mamilimita 30 kumimba, chifukwa zonyamulira mizinga iwiriiwiri zinabwera nkhondo itatha. Chimene ndikuchiopa ndi kachingwe kokhotakhota ka pagalasi la pamutu pa woyendetsa, kamene kamaphulika n'kuswa galasilo mpando usanamuponyere kunja. Pa sikelo imeneyi n'kopyapyala kwambiri, ndipo ndikufuna kukajambula ndi dzanja. Amene munayesapo, mundiuze ngati kuli bwino kujambulira m'kati mwa galasi kapena kunja. Ikatha imeneyi, bokosi lotsatira kutsegula ndi la Gannet.