Kaiti ya Garber yauluka, koma nsungwi yandidyera masiku anayi

Yauluka abale! Dzulo cha m'ma 4 koloko madzulo mwera utayamba kuwomba bwinobwino, kaiti ija ndakhala ndikulimbana nayo inakwera ndithu n'kulemba eyiti kumwamba kawiri konse isanagwe. Ana omwe amasewera mpira pagraundi anasiya mpira wawo kudzaonerera, wina mpaka kundifunsa kuti batire yake ili pati.

Kwa amene mwaiwala, iyi ndi ija ndikutengera ya Paul Garber, bambo wa ku myuziyamu ya Smithsonian ku Washington amene pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse analowa Navy ya America. Asilikali owombera ndege ali pasitima amafunika chophunzirira choyenda ngati ndege, ndiye mkuluyu anawapangira kaiti ya dayamondi, kutalika kwake mita imodzi ndi theka, nsalu ya buluu ngati thambo, pakati n'kujambulapo ndege ya adani. Zingwe ziwiri, ndipo kumunsi kwa msana kuli chiwongolero ngati cha boti, ukakoka chingwe chimodzi chiwongolerocho chimatembenuka kaiti n'kukhota. Imatsika mwaliwiro, kuzungulira, kuzemba, anyamata akuithira zipolopolo. Chiwongolerocho ndi chimene chinandikopa ine.

Nde vuto linali apa. Ikangonyamuka imapendekera kumanzere, kuzungulira kamodzi, phuu! mutu pansi. Tsiku loyamba ndinati ndi bridle, tizingwe tija tolumikiza kaiti ku zingwe zowulutsira, ndinamasula n'kumanganso mpaka zala kuwawa, palibe chosintha. Tsiku lachiwiri ndinati ayi ndi twaini, wa asodzi uja mukudziwa mmene amatamukira, mwina chingwe china chatalika, ndiye ndinamangirira zonse ziwiri pamtengo wa mango, kukoka, kuyeza, kudula mpaka zofanana ndendende. Chimodzimodzi, kumanzere, phuu. Tsiku lachitatu ndinakwiyira chiwongolero chenichenicho, kuchichotsa, kusema china cha pulayiwudi yopyapyala, kusintha pobowola, mayi akunyumba mpaka kundifunsa ngati ndigonera kaiti yomweyo usiku umenewo.

Amene anandipulumutsa tsiku lachinayi ndi madala ena oluka malichero ndi madengu kufupi ndi kwathu, omwe ndimagulako nsungwi. Za makaiti alibe nazo ntchito, koma anangoigwira, kupinda mtanda wake ndi manja awiri, n'kuseka. "Achimwene, nsungwi yanuyi mbali iyi ndi ya kutsinde, mbali iyi ndi ya kunsonga, zingapindike mofanana bwanji?" Shaa. Mphepo ikamenya, phiko la kumanzere limagonja msanga kuposa linzake, kaiti n'kumatsata komweko, ine ndili kalikiliki ndi zingwe zosalakwa. Anang'amba nsungwi imodzi pawiri, matsinde kukumaniza pakati pamsana, nsonga zonse kuloza kunja, n'kupala pang'onopang'ono ndi mpeni. Ine kunyumba ndinakoloweka botolo la madzi mbali iliyonse kuti ndione ngati zikuwerama mofanana. Basi, nkhani inathera pomwepo.

Nsalu ndiye musavutike nayo, majekete amvula a pakaunjika amagwira ntchito bwino, bola mupeze telala wodekha amene sangakusekeni. Wanga anazolowera, chaka chatha anandisokera ija ndinatengera ya Peter Powell, ndipo imeneyo sinandivutitse chonchi ngakhale pang'ono.

Ndipo apa ndaona chifukwa chake ya Powell ndi imene inafala. Mngelezi ameneyu wa ku Cheltenham anapanga yake mu 1972, nayonso dayamondi ya zingwe ziwiri, koma yopanda chiwongolero, ukakoka mbali imodzi kaiti yonse imapendeka n'kukhota yokha. Pulasitiki wamba, mchira wautali wa chubu umene umadzaza mpweya n'kumalemba kumwamba njira yonse imene kaiti yadutsa. Mitengo yake anayamba ndi thabwa la ramin, kenako aluminiyamu, kenako fibreglass, ndipo mu 1976 inasankhidwa kukhala chidole cha chaka ku Britain. Ya Garber njokongola, sindikukana, koma tizidutswa tothyoka tachuluka, mwana sangaimange yekha.

Chimene chimandibowa n'chakuti ambiri amayamba nkhaniyi ndi Powell ngati kumbuyoko kunalibe anthu. Nanga George Pocock, mphunzitsi wa ku Bristol uja? Mu 1826 analembetsa ngolo yake yotchedwa Charvolant, yokokedwa ndi makaiti akuluakulu owongolera ndi zingwe zinayi, anthu atakhalamo phee akuyenda pamsewu popanda hatchi. Ngakhale a Wright, pachibale pawo aja, asanapange ndege anayamba ndi kaiti mu 1899 ku Dayton, ya mapiko awiri, zingwe zinayi zomangirira ku timitengo tiwiri ta m'manja, kuyesa ngati kupotoza mapiko kungakhotetse chinthu mumlengalenga. Ndiye za zingwe zinayi zimene timaziona ngati zachilendo chifukwa cha kaiti ya Revolution ya 1988, anthu anazigwirapo kalekale.

Pakali pano chiwongolero chang'aluka pang'ono pa kugwa komaliza kuja, ndichimata ndi guluu kumapeto kwa sabata. Ndege yapakati sindinajambulebe, ana aja akuti ndijambule kabawi m'malo mwake, ndikuganizira. Mwera usanathe ndikufuna ndimange zina ziwiri ndizilumikize zitatu pamzere umodzi monga amachitira ndi za Powell, zikatheka chaka chamawa ndiyese za Pocock, kaiti yaikulu ndi njinga yanga yakale pamchenga wa ku Salima. Mayi akunyumba sindinawauzebe zimenezo. Amene muli ndi tenti yakutha musataye timitengo take ta fibreglass tija, ndikutifuna.