Kutalika kwa galimoto si 4WD ayi

Mvula ikamayandikira, anthu obwera kugalaja kwanga kuno ku Ntcheu amakhala ndi funso limodzi: "Amisiri, iyi ikafika ku Tsangano?" Sindiyankha msanga. Ndimayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwake ndi tochi, kukafuna propshaft, chitsulo chachitali chija chochoka kugiyabokosi kulowera kumbuyo, ndi difu, bokosi la magiya logawa mphamvu pakati pa matayala akumbuyo. Ndikapeza kuli mbee, ndiye kuti galimotoyo imakoka ndi matayala akutsogolo okha, italike bwanji.

Zimandipweteka mtima, chifukwa ambiri amagula poona chithunzi pa intaneti. Munthu wagulitsa mbatatesi zaka zingapo, walipira msonkho, galimoto yachoka ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kenako n'kumva kuti matope siitha. Chonsecho nkhaniyi imaonekeratu pa nambala ya chesisi. X-Trail ya mtundu womwe unatuluka mu 2007 ikalembedwa NT31 ndi 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ikangoti T31 ndi 2WD, yokoka ndi awiri okha. RAV4 ya ACA31W imakoka konse, ya ACA36W kutsogolo kokha. CR-V nayonso, RE4 ili nayo, RE3 ilibe. Thupi ndi lomwelo, kusiyana kuli kunsi.

Ngakhale zomwe zili nayozo sizifanana. RAV4, CR-V ndi X-Trail injini yake inagona chopingasa, ndipo patala zimayendera matayala akutsogolo. Akumbuyo amathandiza pakakhala poterera. X-Trail ndimaikonda chifukwa cha kabatani kake kozunguza ka 2WD, AUTO ndi LOCK. Koma LOCK ndi yotulukira m'thope pang'onopang'ono, mukathamanga imadzichotsa yokha. Subaru Forester injini inaloza kutsogolo ndi kumbuyo, matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, ndipo pamsewu wonyowa wa Khwekhwerere imagwira pansi bwino kwambiri.

Koma wopita kumidzi yam'mapiri mu Januwale, kumene mathirakitala ndi malole a kabichi akumba ngalande mumsewu, ine ndimamuuza za Suzuki Jimny. Kagalimoto aka kakhala kakupangidwa kuyambira 1970, kali pa chesisi ngati lole, ndipo kali ndi giya yamphamvu ya 4L, imene ambiri mwa enawo alibe. Pokwera chitunda chamiyala mumangokasiya kakukwawa, osapsereza klatchi. Vuto lake n'kuchepa: matumba awiri a feteleza ndi ana awiri, kadzadza. Komanso mukafika patala pouma muzichotsa 4WD, apo ayi mukupotokola zitsulo zake pokhota paliponse.

Toyota Rush ndi Daihatsu Terios zimapusitsa ngakhale anyamata anga. Propshaft ndi difu zilipo ndithu, koma zina zimakankha ndi kumbuyo kokha. Pamenepo muyang'ane ngati kuli mashafuti olowa m'matayala akutsogolo. Rush yatsopano ya mipando 7 ija, yomwe inatuluka mu 2017, ilibe 4WD n'komwe.

Ngati ulendo wanu ndi wa pa M1, Lizulu, Dedza, Lilongwe, gulani 2WD osachita manyazi. Imamwa mafuta pang'ono ndipo zoonongeka n'zochepa. Mukagula yokoka konse, chonde matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndiponso otha mofanana. Kusakaniza limodzi latsopano ndi atatu akaunjika osiyana saizi kumatenthetsa kapulini ya 4WD, chipangizo chotumiza mphamvu ku matayala akumbuyo, ndipo sipeya yake kuno siipezeka, timachita kuitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre.