Mpopi ukatsekedwa ku Washington

Nkhani ya China Labour Bulletin yandidandaulitsa ndithu. Han Dongfang, yemwe anamangidwa chifukwa cha zionetsero za pa bwalo la Tiananmen ku Beijing mu 1989, anayambitsa bungweli ku Hong Kong mu 1994 kuti lizilemba za masitiraka ndi madandaulo a ogwira ntchito m'mafakitale a ku China. Mu June 2025 linatseka, ndalama zitatha.

Chaka chomwecho boma la Trump linadula ndalama za Radio Free Asia, wailesi yomwe inkaulutsa nkhani m'chilankhulo cha a Uyghur, mtundu wina wa anthu a ku China. Akuluakulu a ku Beijing amati mabungwe odalira ndalama zakunja ndi zidole za America. Chabwino, kudalira mlendo n'koopsadi. Koma abale, munthu wokhala ku China angalisonkhere bwanji ndalama gulu lotere osakagona m'chitokosi?