Udzu wa pathanthwe: zolemba za Lachitatu, mwezi wa Meyi

M'mawa tinayamba tadzera kwa amfumu, poti phiri silikhala lopanda mwini. Atamva chimene tabwerera anaseka: "Ana anga, mwasiya mitengo yonseyi n'kudzayeza udzu wa pamwala, woti ngakhale ng'ombe siziuyang'ana?" Tinawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Amfumu, womwewo ndi umene ukutha osaonedwa." Anatiloleza, koma anatichenjeza kuti mbali ya kumadzulo anyamata ayamba kale kuswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba ku Chipata.

Mame anali asanaume, ndiye tinayamba ndi kuyeza. Chingwe cha mamita 50 chimayalidwa motsetsereka, kuchokera pathanthwe penipeni mpaka m'munsi. Mukachiyala mopingasa phiri mudzangoona zomera zamtundu umodzi kuyambira koyamba mpaka kothera, chifukwa chimene chimasintha zomera pano ndi kuya kwa dothi. Pa mamita 5 alionse timagoneka chimango cha mita imodzi mbali zonse, chopangidwa ndi mapaipi apulasitiki, n'kulemba chomera chilichonse chimene mizu yake ili m'kati. Kenako timabaya nthaka ndi kachitsulo m'makona anayi mpaka kagunde mwala. Chimango chiikidwe pomwe chingwe chanena. Dzanja limakonda kuchikankhira pamene pali duwa lokongola, ndipo mukalilola ntchito ya tsiku lonse yasanduka bodza.

Pamwamba, pamene dothi silikwana n'chala chomwe, pali zinthu zooneka ngati zakufa. Chomera chonga udzu chotchedwa Coleochloa setifera chimayala mphasa yake pamwala, mizu italukana ndi fumbi ndi zinyalala zimene chakhala chikukola zaka zambirimbiri. M'mbali mwa mphasayo muli Xerophyta, wa tsinde lolimba ngati burashi, ndi kachitsamba kotchedwa Myrothamnus flabellifolius, kamene masamba ake amapindika n'kuuma gwa mvula ikatha. Tinathyola kanthambi kamodzi n'kukaviika m'botolo la madzi. Pofika masana kanali katatambasuka, kobiriwira, kakununkhira. Zomera izi sizithawa chilala posunga madzi ngati aloe, zimalola kuuma kotheratu n'kudzauka mvula ikagwa. Chimene sizingapirire ndi kusendedwa. Mphasa ija ikachotsedwa ndi khasu kapena chitsulo cha oswa miyala, mvula yoyamba imatsuka kadothi kotsalako, ndipo pamatsala mwala wosalala umene mbewu singagwirepo.

Kutsika pang'ono, dothi likafika masentimita 10 mpaka 20, udzu weniweni umayamba: Loudetia simplex wa ngala zopyapyala, Heteropogon contortus uja amabaya m'masokosi, ndi Themeda triandra wofiirira, amene lero tinam'peza mwa apo ndi apo. Themeda ndi mboni yabwino. Akachepa pamalo pamene kale anali wambiri, kawirikawiri ndiye kuti ziweto zikudya mopitirira, kapena moto wasintha nyengo yake. M'munsi mwenimweni ndi dziko la tsekera, Hyparrhenia wofolera nyumba, wotalika kuposa munthu.

Pamchenga wa kumapeto kwa chingwe, cha kufupi ndi dambo, tinakumana ndi timasamba ta Lannea edulis titamera pagulu. Wosadziwa angati ndi timbande. Ayi, ndi mtengo umodzi, thunthu lake lili pansi pa nthaka, ndipo chimene chimaoneka kunja ndi nsonga za nthambi zokha. Chimodzimodzi Parinari capensis, mbale wake wa muula, amene sapitirira m'bondo. Katswiri wa zomera Frank White anazitcha nkhalango za pansi pa nthaka. Parinari yemweyu amapezekanso pamchenga wouma wa m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Maputaland, kumwera kwa Mozambique ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, kumene udzu wachilengedwe wambiri unalowedwa m'malo ndi minda ya bulugamu ndi paini. Kuno nyanja tilibe, koma maganizo oti pamene palibe mitengo yaitali ndiye kuti mpoonongeka tili nawo, ndipo amene amabwera ndi mbande za bulugamu kudzadzala pamalo otere amakhala akupha chakale kuti aike chachilendo.

Mame atauma, cha m'ma 10 koloko, tinayamba kutola mbewu. Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi.

Ngala ya udzu ikhoza kuoneka yodzaza koma m'kati muli mankhusu okhaokha. Musanatole, tengani timbewu 20 kuchokera ku zitsinde zosiyana, mutitsine ndi chikhadabo kapena kutidula ndi lezala. Yokhwima imakhala yolimba, yoyera m'kati. Yosakhwima imatuluka madzi ngati mkaka. Yopanda kanthu imangophwanyika. Zolimba zikachepa kwambiri, bwererani pakatha sabata. Ya Themeda yokhwima imadera, ndipo imapululuka yokha mukapitiriza dzanja pangala mosakakamiza. Ikafuna kukokedwa ndiye kuti sinafike. Vuto lake n'lakuti imayoyoka msanga, kotero masiku otolera ndi ochepa.

Tolani ku zitsinde zosachepera 50 zotalikirana, ndipo musapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a mbewu imene yakhwima tsikulo. Ikani m'matumba apepala kapena ansalu. M'pulasitiki mbewu imachita thukuta, ndipo ikakhala m'galimoto yotentha masana amodzi okha nkhungu yayamba kale. Kunyumba yanikani pamthunzi podutsa mphepo, mutayala mopyapyala panyuzipepala, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Osayanika pamalata.

Kamchira kopotana kamene kali pambewu ya Themeda ndi Heteropogon musakathyole ngati mbewuyo mudzaiwaza pamwamba pa nthaka. Kakanyowa kamapotoloka, kakauma kamapotananso, ndipo m'kutero kamaboola dothi n'kulowetsa mbewu yokha. Dziwaninso kuti mbewu yatsopano ya Themeda imagona miyezi ingapo isanavomere kumera. Wofesa mawa lake adzati mbewu ndi yakufa, pamene yotoledwa mu Meyi n'kusungidwa pouma imakhala itakonzeka mvula ya Novembala kapena Disembala ikamayamba.

Masana tinapeza amayi awiri akuyendera tsekera wawo. Mmodzi anati, "Bambo, uwu sitimweta pano, tidikira uyoyole kaye, apo ayi chaka chamawa tidzafolera chiyani?" Palibe chimene tikanaonjezapo. Dandaulo lawo linali moto wa osaka mbewa, umene umafika udzu usanamwetedwe.

Nkhani ya moto njosavuta kuisokoneza. Udzu uwu unazolowera kupsa, ndipo Lannea uja amatulutsa maluwa ndi zipatso zake zofiira pa lupsa. Kuuletseratu moto kumapatsa mpata zitsamba, makamaka Lantana camara, amene tam'peza kale m'ngalande ya kum'mawa. Chofunika ndi nthawi. Kafukufuku amene anayamba ku Ndola m'zaka za m'ma 1930 anaonetsa kuti moto wa kumapeto kwa chilimwe, wobwerezedwa chaka ndi chaka, umapha mitengo ya miombo, pamene wa kumayambiriro umaisiya. Pathanthwe ngozi yake ndi ina: moto wa mu Okutobala umalowa m'mphasa youma ija n'kumanyeka pang'onopang'ono mpaka pamwala. Choncho pano tikupempha kuti anthu atenthe mu Juni, mbewu itayoyoka ndipo tsekera atamwetedwa, madzulo mphepo itagwa, atalambula kanjira ka mamita atatu kuzungulira thanthwe. Asatenthe phiri lonse chaka chimodzi.

Za chikanda, chakudya chopangidwa ndi timbatata tokumbidwa kutchire, tingodutsa: m'mphepete mwa dambo munali maenje atsopano ochepa. Timbatata take timachokera ku maluwa a m'gulu la Disa, Satyrium ndi Habenaria, ndipo wokumba akachotsa kambatata katsopano chomeracho chatha. Ku Tanzania malo a Kitulo anawasandutsa paki mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa ake.

Dzuwa litapendeka tinapanikiza zitsanzo za zomera pakati pa manyuzipepala kuti ziume. Udzu uzulidwe ndi mizu yake ndi ngala, chifukwa popanda ziwirizi ngakhale akatswiri a ku University of Zambia sangautchule dzina motsimikiza. Wautali upindidwe ngati chilembo cha N, osaudula. Chilichonse chikhale ndi nambala yake, tsiku, malo ndi kuya kwa dothi, zolembedwa ndi pensulo poti inki imafufutika ikanyowa. Manyuzipepala asinthidwe tsiku lililonse masiku atatu oyamba, apo ayi masamba amada. Aloe sitinam'panikize, tangom'jambula. Mawa tiyala chingwe chachiwiri kumadzulo kuja akuswa miyala, tisanapite kukaonananso ndi amfumu za kanjira ka moto.