Mphamvu ili mu ulusi, resin amangomata

Mutu wandipepuka tsopano. Anzanga a m'kalasi la composites (kupanga zinthu ndi ulusi wa galasi ndi resin, guluu wamadzimadzi amene amalimba), za kupaka phula pachikombole, gelcoat (utoto wakunja kwa chinthucho) ndi kuyeza MEKP (mankhwala olimbitsa resin) mukuzidziwa kale, sindibwereza. Chinkandizunguza ine n'choti mbale ziwiri za mat (nsalu ya ulusi wa galasi) yofanana, ina ukaipinda imapirira, inayo imangothetheka. Bwanji?

Katundu amanyamulidwa ndi ulusi wa galasi. Resin ntchito yake n'kugwira ulusiwo pamalo pake ndi kupatsira mphamvu kuchoka pa ulusi uwu kupita pa unzake. Payekha akalimba sachedwa kusweka. Ndiye munthu akathira wambiri kuti chinthu chilimbe, wangowonjezera kulemera ndi mtengo. Pa hand lay-up (kupaka resin pamanja ndi burashi ndi rola) ya chopped strand mat, mat ija, kilo imodzi ya galasi imamwa makilo 2 kapena 2.5 a resin, ndipo wopitirira pamenepo ndi mtolo chabe.

Ndipo ulusiwo umalimba motsata utali wake basi. Taganizani mphasa: mbali ina imakulungika mosavuta, koma yesani kuipinda modula bango, ikukanirani. Pamenepa ndi pomwe zonse zinanditsegukira. Woven roving, nsalu ya galasi yolukidwa, ili ndi ulusi pa madigiri 0 ndi 90, motero kumeneko ndi kumene ili ndi mphamvu. Chinthu chimene chizipotoka chimafuna nsalu zoyalidwa pa 45 mbali zonse ziwiri. Mat ulusi wake ndi wodukaduka, woloza paliponse, n'chifukwa chake imalimba mofanana mbali zonse koma osati kwambiri. Kuyala nsalu si kungodzaza chikombole ayi, ukuuza katundu njira yodutsa.

Mukamvetsa zimenezi, vacuum bagging muikonda. Ine ndiye ndagwa nayo m'chikondi, burashi ndi rola ndikuziona ngati zachikale. Umakutira zonse ndi pulasitiki, kumata m'mbali, pampu n'kukoka mpweya, ndiye mpweya wakunja umapanikiza wokha paliponse mofanana. Thovu limachoka, resin wosafunika amafinyikira mu breather, nsalu yoyamwa yoikidwa pansi pa pulasitikiyo. Kuno ku Blantyre tili mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo, komabe pampu ikakoka bwino kupanikizako kungayandikire matani 9 pa sikweya mita. Dzanja la ndani lingafike pamenepo?

Chondinyansa n'choti aphunzitsi anayambira pa rule of mixtures pabolodi, masamu owerengera kulimba kwa chinthu, gawo la ulusi (Vf) apa, gawo la resin (Vm) apo, tisanagwireko n'komwe nsalu. Akanangotipatsa tizidutswa tiwiri kuti tithyole, masamuwo akanalowa okha. Nthawi ya ku workshop nayo ndi yochepa, gulu lalikulu, fungo la styrene wa mu resin lokhalokha. Kutentha kwa mu Okutobalaku resin sadikira munthu. Sauma ngati penti, amalimba ndi mankhwala aja ndipo amatulutsa kutentha kwake, moti wotsalira wambiri m'kapu amatha kufuka utsi. MEKP ikhale pa 1 mpaka 2 peresenti, kukatentha tsikirani ku 1, koma zimenezi timauzana tokha.

Pomwe ndikukayikabe ndi pamsika. Wofuna canopy ya pikapu ku Limbe amayamba wafunsa mtengo, ndipo pulasitiki, tepi yomatira ndi breather zimatayidwa ukangomaliza chinthu chimodzi. Magetsi akathima resin asanalimbe, pampu yaima. Mwina amisiri a rola aja ali ndi chifukwa chawo, kaya.